Chitowe Chodikira Sitima

Ku Al Duhail, mumzinda wa Doha ku Qatar, m'nyumba ina ya mpanda wautali, munkagwira ntchito dalaivala dzina lake Sudi. Kwawo kunali ku Nselema m'boma la Machinga, kumene anasiya mkazi wake Mwanaidi ndi ana atatu pa malo a makolo a mkaziyo. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanayambe kulasa, Sudi ankapukuta galimoto mpaka kudziona nkhope pachitseko, kenako n'kukhala pamthunzi wa galaja kudikira kuitanidwa. Bwana wake anali wamalonda a zakudya. Analibe munda, analibe khasu, mwinanso chibadwire anali asanapondepo pamzere, koma sitima zapamadzi ndi ndege zinkamutulira mpunga, anyezi, nyama ndi ufa kuchokera kumaiko amene Sudi ankangowamva pa wailesi.

Dalaivala amakhala ngati khoma la nyumba. Anthu amalankhula zakukhosi pamaso pake ngati palibe munthu. M'zaka zitatu Sudi anatola Chiarabu cha kukhitchini ndi Chingerezi cha pa foni, ndipo zonse zonenedwa kumpando wakumbuyo zinkagwera m'khutu mwake.

Kovidi itafika mu 2020, misewu ya Doha inati zii, mizikiti inatsekedwa, koma bwana wa Sudi sanakhale pakhomo chifukwa pakamwa sipadziwa lokidauni. Tsiku lililonse ankakalipa pa foni. Dziko lakuti laletsa kutulutsa mpunga, doko lakuti latseka, sitima yakuti yaima pakati pa nyanja. Sudi ankasuzumira pagalasi n'kuona chinthu chimene sanachiyembekezere: munthu wa ndalama zosawerengeka ali ndi mantha ofanana ndi a mayi wa kumudzi amene waona pansi pa nkhokwe mwezi wa Disembala.

Tsiku lina mu Seputembala, bwanayo anakwera ndi mlendo, mzungu wofufuza za malonda, onse atavala mamasiki. Mlendoyo anatsegula laputopu pamiyendo n'kuyamba kufotokoza. Anati m'zaka makumi atatu zikubwerazi anthu padziko lapansi adzayandikira mabiliyoni khumi, ndipo chakudya chofunika chidzakwera ndi theka. Anati maiko amene akugulitsa chakudya leroli madzi akuwathera pansi, ndipo nthaka yotsala yoti n'kudyetsa dziko ili ku Africa. Amene ali ndi dothi ndi mvula, iye anatero, ndiye adzatchule mtengo, enawo azidzangogwada.

Sudi anatsala pang'ono kudutsa roboti yofiira. Chibadwire chake anali asanamvepo munthu wovala suti akutchula mlimi ngati munthu woti ena adzamugwadire.

Atamutsitsa mlendoyo, bwana anagogoda kumbuyo kwa mpando wa dalaivala.

"Sudi, kwanu ku Malawi simsim iliko?"

Simsim ndi chitowe. Ku Qatar amachipera n'kukhala phala la mafuta limene sililephera pa tebulo, komanso amapangira maswiti.

"Iliko, bwana. Imamera bwino kwathu."

"Bweretsa. Ndigula yonse, inshallah."

Bwanayo ananena mawu amenewa maso ali pa foni, monga momwe munthu amanenera kuti tidzachezerana. Koma Sudi anawanyamula ndi manja awiri ngati mbale ya madzi, kuopa kuti lingatayike ngakhale dontho.

Ofesi ya bwanayo inali ku Msheireb, ndipo pachipata cha malo oimika galimoto pankalondera Everson, bambo wachikulire wa ku Chiradzulu, wa imvi za m'mbali. Anthu awiriwa ankacheza nthawi zonse bwana akakwera kumwamba. Tsiku limenelo Everson ndiye anali ndi nkhani yake, ndipo anayamba asanapatsidwe mpata.

"Che Sudi, mwamva? Malamulo asintha. Panopa palibenso zopempha kalata kwa sponsa, bwana amene anakubweretsa kuno, kuti uchenje ntchito. Umangopereka notisi basi. Ndiye pali hotela ina ikufuna madalaivala chifukwa cha mpira wa dziko lonse ukubwerawu. Salale ndi yokwera, ovataimu amalipira, Lachisanu ndi ofu yeniyeni osati yanu yomangotumidwayi. Supavaiza wake ndimapemphera naye. Ndamuuza kale za inu."

Sudi anaseka, n'kupukusa mutu.

"Mwachita bwino akulu, koma ine zoyendetsa galimoto ndatsala pang'ono kuzisiya. Ndichoke bwanji pafupi ndi munthu amene akufuna kundigula katundu?"

Anafotokoza zonse: za mzungu uja, za mabiliyoni khumi, za chitowe. Everson anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula chipewa n'kupukuta thukuta.

"Mukudziwa chimene chinandibweretsa kuno kudzaima padzuwa ndi imvi zangazi? Nandolo. Anatiuza kuti ku India anthu ndi ochuluka ngati nyerere, sadzakhuta nandolo mpaka kalekale. Zinali zoona. Chaka chimodzi tinadya bwino, ndinafolera malata. Chotsatira ndinadzaza munda wonse nandolo, ndiye a ku India aja anangodzuka m'mawa wina n'kutseka chitseko. Nandolo ameneyo ankadya mbuzi, mpaka nazo zinatopa naye. Anthu a ku India sanasiye kudya, ayi. Anangosiya kudya wanga."

"Inu munalibe bayala weniweni, akulu. Munkagulitsa kwa mavenda. Ine bayala wanga ndimamutsegulira chitseko m'mawa uliwonse."

"Wasaina pati?"

"Munthu ngati uja sasowa kusaina."

Everson anavalanso chipewa chake. "Limani chitowe, sindikukuletsani. Koma chimanga musachichotse. Ndipo ntchito ya kuhotelayi itengeni. Zaka makumi atatu za mzunguyo ndi zambiri, mwana amafuna phala mawa m'mawa."

Mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Lachisanu lotsatira, atachoka kopemphera, Sudi anaimbira Mwanaidi. Mayiyu anali wosachuluka mawu, wolimba pa khasu, ndipo chichokere mwamuna wake nkhokwe yake inali isanagonepo yopanda kanthu. Munda unali maekala atatu: awiri a chimanga chosakaniza ndi nandolo, imodzi ya chinangwa.

"Chaka chino munda wonse chitowe," anatero Sudi.

"Wonse? Nanga tidya chiyani, bambo a Warda?"

"Mudzagula. Chitowe chikapita, chimanga mudzachita kusankha cha pa msika."

"Tiyeni tiyese ekala imodzi. Zikayenda, chaka chamawa tidzawonjezera."

"Ekala imodzi ndikamuuze chiyani bwana? Munthu amagula ndi sitima ameneyu. Inu simukuona zimene ndikuona ine kuno, Mwanaidi. Dziko lonse lili ndi njala. Anthu ophunzira awerengera kale. Ife tikugona pa golide n'kumalima chinangwa."

"Chinangwacho ndi chimene chinatipulumutsa chaka cha chilala chija, inu muli konkuno."

"Muzule."

Munda unali wa mayi ake a Mwanaidi, ndipo Sudi anali mkamwini chabe pamudzipo. Mwanaidi akanatha kukana, akuluakulu akanakhala mbali yake. Koma mwamunayu ndiye anali kunja, ndiye ankaona dziko, ndiye anamangitsa nyumba ya njerwa zootcha imene ankagonamo. Pamapeto pake Mwanaidi anangoti, "Ndamva."

Chinangwa chinazulidwa chisanakhwime. Theka la chimanga cha m'nkhokwe linagulitsidwa kuti papezeke mbewu ndi zolipira aganyu. Sudi naye sanathe kusunga chimwemwe chake m'mimba. Ankajambula mawu pa foni n'kumatumiza kwa abale, kufotokoza za mabiliyoni khumi ndi za Mwarabu wogula chitowe chonse, ndipo mawuwo anayenda foni ndi foni ngati moto wa m'tchire. Mvula isanagwe, mabanja asanu ndi anayi anali atabwera kwa Mwanaidi kudzafunsa ngati nawo angalowe. Sudi, atamva, anamenya pachifuwa. Onse alowe, anatero, sitima ndi yaikulu.

Mmodzi mwa olowawo anali Che Rabia, mayi wamasiye, mng'ono wa mayi ake a Mwanaidi, amene ankalera zidzukulu ziwiri ndi kamunda kosakwana ekala. Mwanaidi anayesa kumuletsa mwakachetechete. Che Rabia anayankha kuti mkamwini sanganamize apongozi ake.

Chaka chimenecho mvula inagwa bwino, ndipo ndi pamene tsoka linabisala. Chitowe chikanakanika, anthu akanadandaula, n'kubwerera ku chimanga, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma chinabereka mochititsa kaso. Mwezi wa Meyi anthu anadula, anamanga mitolo, anaimika kuti iume, n'kukutumulira pa malona. Mwanaidi anatumiza chithunzi cha manja ake atadzaza njere zoyera ngati mchenga wotsukidwa. Sudi anachionetsa kwa wophika wa m'nyumbamo, kwa wotchetcha kapinga, kwa aliyense amene anali ndi maso. Mabanja onse khumi anapeza matumba makumi asanu ndi atatu, ndipo Sudi analamula kuti onse aunjikidwe m'nyumba mwake kuti lole ikadzabwera idzanyamulire malo amodzi.

Mavenda sanachedwe kumva fungo. Anafika ndi masikelo awo n'kutchula mtengo umene Mwanaidi sanauonepo pa mbewu iliyonse imene analimapo.

"Tigulitse, bambo a Warda," anachonderera pa foni. "Mtengowu ndi wabwino. Tikagulitsa lero, aliyense agula chimanga cha chaka chonse, chimanga chidakali chotsika, n'kutsala ndi ya feteleza."

"Mavendawo akukupatsani zinyenyeswazi. Akudziwa kumene chikupita. Thumba ngakhale limodzi lisatuluke."

"Ngakhale la Che Rabia? Alibe ufa m'nyumba."

"Muwagawireko wathu. Ndi nkhani ya masabata awiri."

M'mawa mwake, ali pa mzere wa magalimoto panjira ya ku Msheireb, Sudi anakonza kukhosi.

"Bwana, simsim ija yapsa. Ikudikira inu."

"Simsim iti?"

Sudi anasuzumira pagalasi. Anakumbutsa bwanayo za tsiku lija, za mlendo wa laputopu uja. Bwana anaseka, osati mwachipongwe ayi, koma monga momwe munthu amasekera mwana amene wamubweretsera chiwala.

"Mashallah, Sudi! Wakhala wabizinesi. Pita ukaonane ndi manijala wa zogula."

Manijalayo anali bambo wa ku India, wa magalasi okhuthala, wosowa nthawi koma waulemu. Anamupatsa Sudi mpando, chinthu chimene sichinachitikepo mu ofesiyo.

"Matani angati?"

"Matumba eyite."

"Matani anayi." Anavula magalasi. "Kontena imodzi imafuna pafupifupi matani khumi ndi asanu ndi anayi. Satifiketi ya ku labu muli nayo? Chilolezo chotulutsira katundu kunja? Kampani yanu dzina lake ndani? Doko lanu ndi liti?"

"Kwathu kulibe doko. Timadzera ku Mozambiki."

"Ndiye lole mpaka ku Nacala kapena ku Beira, kenako kudikira kontena. Mnzanga, chaka chino makontena akusowa dziko lonse chifukwa cha Kovidi. Ine ndikulimbirana kontena ya mpunga ndi anthu a makampani akuluakulu, mtengo wake wakwera kangapo. Kunyamula chitowe chanucho kungadye ndalama zoposa chitowecho. Ife timagula kumaiko apafupi, kumene sitima imafika m'masiku ochepa."

"Koma mzungu uja anati dziko likufuna chakudya cha ku Africa."

"Ananena zoona. M'zaka khumi, makumi awiri, zidzatero. Mukhale ndi bungwe la alimi mazana angapo, nyumba yosungiramo yabwino, mapepala onse, mudzabwere tidzakambirane. Koma cha chaka chinochi, imbani foni lero, agulitse komweko."

Sudi anatsika masitepe onse wapansi, kuiwala kuti kuli lifiti. Pachipata Everson anangomuyang'ana nkhope, n'kumupatsa botolo la madzi.

"Imbani panopa," anatero mkuluyo Sudi atafotokoza. "Mavenda adakalipo. Manyazi ndi a tsiku limodzi."

Apa ndi pamene Sudi anachita cholakwa chachiwiri, chachikulu kuposa choyamba. Anatulutsa foni, anayang'ana dzina la Mwanaidi, n'kuganiza za mawu ake aja amene anazungulira mudzi wonse. Anaganiza za amuna a pamudzipo amene kale ankamuona ngati mkamwini wamba, lero akumutchula kuti Che Sudi a ku Qatar. Anadziuza kuti manijala ndi wantchito chabe, mwini chuma anati agula. Anadziuzanso kuti ngati dziko likupita ku njala, ndiye kuti mtengo ungokwera, wodikira ndiye adzaseke. Atamaliza kudzinamiza, anaimba.

"Zonse zili bwino. Akukonza mapepala. Muwauze anthu adekhe."

Juni anatha, Julaye anatha. Sabata iliyonse Sudi ankakumbutsa bwana, ndipo bwana ankayankha mawu amodzimodzi, "Bukra, inshallah," kutanthauza mawa Mulungu akalola. Mawa la munthu wokhuta limayenda pang'onopang'ono. Pofika Ogasiti mavenda anali atapinda masikelo awo n'kupita. Mabanja atatu anatopa, anabwera kudzatenga matumba awo n'kukagulitsa pa msika pamtengo wogwetsa misozi. Enawo anatsala, ena chifukwa chokhulupirira, ena chifukwa choti kugulitsa tsopano kukanakhala kuvomereza kuti anapusitsidwa.

Chimanga chinayamba kukwera mtengo. Malipiro a Sudi, amene kale ankakwanira banja lake n'kutsalako, tsopano ankadyetsa khomo lililonse limene linali ndi matumba m'nyumba mwake. Anthu sankabwera ndi ndewu. Ankangofika m'mawa, kupereka moni, n'kukhala pakhonde ndi kambale m'manja. Mwanaidi akanatseka bwanji chitseko n'kumadya, chakudya cha anthuwo chili chounjikidwa kuchipinda kwake? Ankagawa mpaka iye ndi ana ake anayamba kudya kamodzi patsiku. Warda, mwana wawo wamng'ono wa zaka zinayi, anasiya kuthamangira foni bambo ake akaimba.

Mu Okutobala Sudi anapita kwa Everson mutu uli pansi kukafunsa za ntchito ya kuhotela ija.

"Anadzaza kalekale," anayankha Everson. "Chiyambire kusintha kwa malamulo aliyense akufuna kutransifa. Malo amodzi akulimbirana anthu makumi asanu. Ndiyesa kufunsa, koma musayembekezere."

Mvula itayamba, Mwanaidi sanafunsenso munthu. Anabzala chimanga, ngakhale mochedwa ndiponso popanda feteleza wokwanira, ndipo anzake anachita chimodzimodzi. Chinamera chofooka, chachikasu, koma chinali chimanga. Kenako, kumapeto kwa Januwale 2022, kunabwera namondwe uja anamutcha Ana. Mvula inagwa usana ndi usiku, mtsinje unasefukira, madzi analowa m'mudzi mpaka m'mawondo. Chimanga chanthete chinakokoloka ndi mizere yake yomwe. Khoma lakumbuyo la nyumba ya Sudi, lomwe matumba anatsamira miyezi isanu ndi itatu, linagwera mkati.

Kwa masiku anayi foni ya Mwanaidi sinkapezeka. Sudi ankayendetsa galimoto ngati munthu wogwidwa ndi malungo. Tsiku lachisanu kunabwera uthenga kuti onse ali moyo, akugona m'kalasi pasukulu ya pulaimale. Pambuyo pake panabwera chithunzi. Matumba anali atatupa n'kuphulika. Chitowe cha pamwamba chinali chitamera, kubiriwira pakati pa njerwa zakugwa, ndipo cha pansi chinali chitasanduka phala lakuda.

Febuluwale ndi mwezi wouma mtima ngakhale chaka chabwino. Chaka chimenechi unafika ndi mano onse. Che Rabia anali atagulitsa kale mbuzi zake ziwiri. Chakudya chochepa chimene chinkagawidwa pa msasa ankapatsa zidzukulu, iye n'kumati wadya kale. Atadwala m'mimba, thupi linalibe poyambira kulimbana. Anamwalira Lachiwiri masana, pa mkeka, m'kalasi ya sitandade 3. Achipatala analemba dzina la matenda, koma pamudzipo panalibe amene sankadziwa chimene chinatsegulira matendawo chitseko.

Maliro atatha, Mwanaidi anaimba yekha. Sudi anali pa galaja, nsanza yopukutira ili m'manja.

"Ndikufuna mundiuze chinthu chimodzi, Che Sudi." Sanamutchule bambo a Warda. "Mwarabu wanuyo anakana liti?"

Sudi anatsegula pakamwa kuti anene za mapepala, koma bodza linakana kutuluka.

"Mu Juni."

"Mavenda adakalipo."

"Eya."

Anamva mkazi wake akupuma mozama. Sanalire, sanakalipe, ndipo zimenezi zinamuwawa kuposa chitonzo chilichonse.

"Mukanalakwitsa pobzala pokha, ndikanati munthu amalakwa. Nanenso ndinavomera, dzanja langa ndi limene linazula chinangwa. Koma miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikuyang'ana anthu m'maso n'kumawauza kuti mapepala akubwera. Mayi anga aang'ono anandifunsa kutatsala masiku atatu kuti amwalire ngati sitima ija yanyamuka. Ndinawayankha kuti yatsala pang'ono. Mwandinamizitsa kwa munthu wakufa."

"Mwanaidi, ndikonza. Ndimanganso khoma. Ndibweza kwa aliyense."

"Khoma mumanga. Zidzukulu za Che Rabia ndazitenga ine, tsopano ndili ndi ana asanu. Amalume akumana ndi ankhoswe anu Lamlungu. Zimene akagwirizane mudzamva kwa iwo, koma zanga ndikuuzeni ndekha: munda uwu ndi wa mayi anga, ndipo sudzalimidwanso pa foni. Za ana muzitumiza, ndi ana anu. Koma mukadzabwera, mudzafikire kwanu."

Foni inaduka. Sudi anakhala pansi pa simenti yotentha, msana atatsamira tayala, mpaka wophika anatuluka kudzamuuza kuti madamu, mkazi wa bwana, akufuna kupita kokagula zinthu. Anadzuka, anasamba kumaso pa mpopi wa panja, n'kukatsegula chitseko cha galimoto.

Patangopita milungu itatu, nkhondo itabuka ku Ulaya, mitengo ya tirigu ndi mafuta ophikira inalumpha dziko lonse. Bwana anayambiranso kukalipa pa foni monga masiku a Kovidi aja. Aliyense wogulitsa mbewu za mafuta anasanduka munthu wofunika. M'mawa wina, ali panjira ya ku Msheireb, bwanayo anadula foni n'kugogoda kumbuyo kwa mpando.

"Sudi! Simsim yako ija. Ndapeza munthu amene akudzaza makontena ku Nacala, akutolera kwa alimi ang'onoang'ono a mbali zonse. Akuti ngakhale matani awiri atenga, mapepala akonza yekha. Mtengo wabwino kwambiri. Imba kwanu lero."

Sudi anayang'ana msewu. Nyumba zazitali zagalasi zinkanyezimira padzuwa, mbendera za mpira zitayamba kale kupachikidwa m'mapolo.

"Mafi, bwana," anatero, kutanthauza kuti palibe.

"Wagulitsa kwa wina?"

"Madzi anatenga."

"Aaa, pepa. Chaka chamawa, inshallah. Ndinakuuza, Sudi, tsogolo lili kwa inu a ku Africa." Ndipo anabwerera pa foni yake.

Atamutsitsa, Sudi anaimika galimoto pansi pa nyumbayo, anazimitsa injini, koma sanatuluke. Everson anabwera, anasuzumira pa windo, ndipo ataona nkhope ya mnzakeyo anangoika dzanja paphewa pake n'kuima pomwepo mpaka galimoto ina inaliza hutala pachipata.

Ankhoswe anamaliza nkhani yawo monga Mwanaidi ananenera. Sudi adakali ku Al Duhail, pa malipiro omwe aja, kutumiza pafupifupi onse kwa ana asanu ndi kumakomo amene anawasiya pa njala. Tchuthi chake chinakwana koma sanapemphe tikiti, chifukwa sakudziwa kuti akatsika basi pa Nselema adzayang'ana mbali iti. Ku Nselemako Mwanaidi anabzalanso chinangwa m'malire mwa munda, ndipo akuti anthu ena a mabungwe ayamba kufika kudzalemba maina a alimi a chitowe, koma pamudzi umenewo akangotchula mbewuyo anthu amadzuka pamsonkhano mmodzimmodzi.

Chowawa pa nkhaniyi n'chakuti palibe amene anamunamiza Sudi. Mzungu uja anawerengera bwino, anthu akuchulukadi ndipo pakamwa pawo padzafuna chakudya cha m'minda ngati ya ku Machinga. Koma zaka makumi atatu zili pa laputopu sizilowa mumphika. Sudi anali ndi nkhokwe, anali ndi ntchito yomuitana, anali ndi mavenda pakhomo sikelo ili m'manja, anali ndi mkazi womukhulupirira, ndipo zonsezi anazitambasula padzanja poyera kuti alandire chimene chinali chisanafike. Akuluakulu anaona kale zoterezi pamene anati: fodya ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.